Buku la Sikelo la Febe

Johannesburg
26 Meyi 2008

Achemwali a Evelyn,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi onse a pakhomo. Ine ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa kuti mwamva pa wailesi zimene zikuchitika kuno. Eni dziko akuthamangitsa alendo. Kanyumba kathu ka malata anakaotcha sabata yatha, tinangotuluka ndi mapasipoti okha. Ine abwana andisunga m'galaja momwe ndimawotchereramo zitsulo, koma akuti mkazi ayi.

Amene wakupatsani kalatayi ndi mlamu wanu, Shamiso. Pa foni ya m'shopu ya a Hilario sindinathe kunena zonse, paja mukamalankhula pamenepo Nsaru yense amamvera nawo. Ndikudziwa kuti amayi sanakondwe kuti ndinakwatira mkazi wa ku Zimbabwe popanda ankhoswe. Zimenezo tidzakamba. Panopa ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Kwawo sangapite, zipatala zilibe mankhwala, ndipo makolo ake anamwalira.

Pa chipata cholowera m'Malawi amudindira masiku makumi atatu. Mukawonjezetse ku Lilongwe, koma onse pamodzi sapitirira makumi asanu ndi anayi. Akatha amenewo ayenera kutuluka m'dziko. Ndiye mwana akabadwa mu Julayi, mutenge msanga kalata ya kuchipatala, mumupangire pasipoti, kuti abwerere limodzi Ogasiti asanathe. Ndadalira inu chifukwa za mafomu mumazidziwa ndinu.

Ndinamva kuti mng'ono wanu Febe anapita padera mu Epulo. Mumupepese. Mimba zawo zinali za nthawi imodzi, mwina sizimukhalira bwino kumuona Shamiso, koma ndilibe kwina komutumiza.

Ndine mlongo wanu,
Eliya Kachiwanda

Nsaru
16 Juni 2008

Mlongo wanga Eliya,

Kalata yako ndalandira pamodzi ndi amene anainyamula. Kuno tonse tili bwino, kaya iwe m'galajamo. Mkazi wako ndi wamtali kukuposa, zimene unaiwala kutchula.

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa kuti, "Ndiye ameneyu ndi amene ananditengera mwana wanga?" Ndinawakumbutsa kuti mwana wawo anapita ku Joni ndi miyendo yake, atagulitsa njinga yanga. Panopa amangomutcha mtengwa. Ine ndimalankhula naye Chingerezi, amayi amalankhula naye ndi manja, ndipo akumvana kuposa mmene ine ndimamvanirana nawo. Chichewa akuchitola msanga.

Akugona kwa Febe, poti amuna ake a Austin ali ku esiteti ku Kasungu mpaka fodya atatha. Unkada nkhawa ndi mng'ono wathuyu, koma ndi amene wamulandira kuposa tonse. Amamutungira madzi, amamusisita miyendo, ndipo wamupatsa matewera ndi kabulangete kamene anagulira mwana wake uja. Dzulo ndinawapeza pakhonde, Febe ataika dzanja pamimba pa mlamu wake kudikira kuti mwana agunde. Amayi akuti ndi chikondi.

Masiku ndawonjezetsa, akutha pa 28 Ogasiti. Chatsala ndi chimodzi: buku lake la sikelo linapsera m'nyumba mwanu muja. Afunika kuyambanso sikelo kuno kuti apatsidwe lina. Ndimutengera ndikapeza mpata. A Hilario ali pa kalikiliki wogula mtedza ndi soya, ndipo wolemba ndine ndekha.

Evelyn

Nsaru
14 Julayi 2008

Eliya,

Ndiwe bambo. Wabadwa Lachisanu pa 11, masana, mwana wamwamuna wathanzi. Mayi wake ali bwino. Ine ndinali kumaliro ku Mpingu, ndinafika Loweruka. Mkazi wako anamutengera kuchipatala pa ngolo ndi amayi ndi Febe, ndipo akuti zonse zinayenda popanda vuto. Shamiso wamutcha Tinashe. Amayi ayesa kulitchula kawiri n'kulisiya, akumangoti kamnyamata.

Akatuluka m'chikuta ndipita kukatenga kalata ya kubadwa. Utumize chithunzi cha pasipoti yako, akuti amachifuna.

Evelyn

Nsaru
4 Ogasiti 2008

Mlongo wanga Eliya,

Moni. Kalata yako yachimwemwe ija ndalandira, ndipo ino ikuchotsera chimwemwecho. Uiwerenge utakhala pansi.

Ndinapita kuchipatala kukatenga kalata ya kubadwa. Kalaliki anatsegula kaundula, n'kutsetsereka ndi chala pa tsamba la 11 Julayi. Dzina la Shamiso panalibe. Tsiku limenelo kunabadwa mwana wamwamuna mmodzi yekha. Mayi: Febe Kalinde. Bambo: Austin Kalinde.

Amayi ndinawapeza pabwalo akuswa mtedza.

"Amayi, kuchipatala kuja munapereka buku la ndani?"

"La Febe."

"Chifukwa chiyani?"

"Iwe unali kuti? Unati umutengera ku sikelo, unamutengera? Mkazi wofika ndi matenda alibe buku amayamba wafunsidwa mafunso pakhomo, ndipo ameneyu ndi mlendo. Ndikanayankha chiyani, mutu wa mwana uli panjira? Buku la Febe linali m'sutikesi, lolembedwa kale, mwezi wake womwewu wa Julayi. Zopita padera zija zinachitikira pakhomo pano, sizinalembedwe. Ndiye buku lizingokhala?"

"Anamwino sanadabwe kuti Febe ameneyu sakulankhula Chichewa?"

"Wobereka amalankhula chinenero chanji? Amangobuula. Mafunso ndinkayankha ndine."

Sakuona cholakwa chilichonse. Kwa amayi buku la sikelo lili ngati lichero, mnzako akalisowa umamubwereka. Ndipo pa mawu akuti iwe unali kuti, sananame. Ndinali kulemba matumba a soya.

Ndayenda ku Lilongwe masiku awiri. Ku ofesi ya mapasipoti akufuna pepala losonyeza kuti kholo la mwana ndi Mmalawi. Iwe pa pepala palibe. Ku ofesi ya kazembe wa Zimbabwe akufuna pepala lokhala ndi dzina la Shamiso. Nayenso palibe. Mwana wako ali ndi makolo a mayiko awiri, ndipo boma silikudziwa ngakhale mmodzi wa iwo.

Njira yokonzera ilipo. Amayi ndi Febe akalumbire kwa woweruza kuti anapereka dzina labodza, kenako kaundula asinthidwe. Bambo amene anandifotokozera anali waulemu, koma sanandibisire kuti kupereka dzina labodza ndi mlandu, ndiponso kuti zimatenga miyezi. Ife tatsala ndi masiku makumi awiri ndi anayi.

Nditawauza amayi zimenezi anaseka. Anati, "Nanga si bwino? Mwana wa mwana wamwamuna ndi wa eni ake, tikanangowalerera a ku Zimbabwe. Koma wa Febe ndi wa mbumba yathu." Akuti ankangocheza. Febe anali pomwepo akuchapa matewera, sanadzutse mutu.

Shamiso sindinamuuze. Ine maganizo anga ndi akuti timuuze, tipite kwa woweruza, zitenge miyezi imene zitenge. Koma mkazi ndi wako, mwana ndi wako. Uyankhe msanga, upatsire wa basi.

Evelyn

Johannesburg
12 Ogasiti 2008

Achemwali,

Ndawerenga katatu. Amayi kukhoti ayi. Mayi wa Chigwirizano, wa zaka zimene ali nazozo, akaime m'bokosi chifukwa cha mwana wanga? Ndingadzapondenso bwanji pamudzipo? Ndipo Shamiso akapitiriza masiku amugwira, amudinda chidindo choletsa kulowanso, ndiye zaipiratu.

Ndakambirana ndi anzanga kuno, akuti zimenezi n'zosavuta. Pepala likunena kuti mwana ndi wa Febe, ndiye likhale choncho. Febe ndi Austin onse ndi Amalawi, pasipoti ituluka popanda mafunso. Mupangitse ziwiri, ya mwana ndi ya Febe. Zikatuluka Febe akwere basi, atibweretsere mwana, aone Joni sabata imodzi, abwerere. Za mayina tidzakonza mtsogolo mwana ali m'manja mwathu. Zolipira zonse ndi zanga.

Shamiso musamuuze za bukulo. Simukumudziwa, akamva kuti mwana wake walembedwa kwa munthu wina akhoza kupita yekha kupolisi. Mungomuuza kuti pasipoti yachedwa, atsogole, mwana amutsatira pakatha masabata awiri kapena atatu. Inenso ndimuuza zomwezo pa foni.

Ndikudziwa kuti simukondwa nazo. Koma inu mumaganiza za mapepala, ine ndikuganiza za anthu. Febe ndi mlongo wanga wa bere limodzi. Ndikapanda kukhulupirira iyeyo ndikhulupirira ndani?

Eliya

Nsaru
15 Seputembala 2008

Eliya,

Moni. Tili bwino. Ndachita zonse zimene unanena, ndipo ndikuzilemba pano kuti tsiku lina usadzati sunadziwe mmene zinayendera.

Mkazi wako anakwera basi pa 27 Ogasiti, litatsala tsiku limodzi. Mwana anamuyamwitsa pa benchi ya pa depoti mpaka kondakitala anayamba kumenya chitseko. Anamupereka yekha kwa Febe, n'kumusonyeza mmene amakondera kugonekedwa paphewa, ngati kuti Febe sakudziwa. Kenako anadzimanga chitenje pachifuwa mwamphamvu, n'kundigwira dzanja.

"Alamu, masabata awiri?"

Ndinati awiri kapena atatu. Ndinanama m'Chingerezi, mwina n'chifukwa chake zinandiphwekera.

Mkaka wa m'chitini unamutsegula m'mimba mwanayo. Amayi anauza Febe kuti azimupatsa bere kuti azitonthola. Patatha sabata mkaka unabwera. Amayi akuti ndi Mulungu. Anamwino a ku sikelo ya ana akuti zimachitika, ndipo anamuyamikira Febe kuti akuyamwitsa bwino mwana wake.

A Austin abwera kuchokera ku esiteti. Nditawafotokozera anangofunsa funso limodzi, lakuti akasayina adzapita nawo ku Joni kapena ayi. Ndinati ayi. Anasayinabe.

Mafomu ndinalemba ndine. Pa dzina la mwana ndinalemba Tinashe. Febe anasuzumira n'kunena kuti, "Achemwali, mwana wa Kalinde wa ku Kabudula angakhale bwanji Tinashe? Atifunsa mafunso." Ankanena zoona. Ndinang'amba fomuyo n'kutenga ina. Nditamufunsa kuti ndilembe chiyani, sanaganize n'komwe. Anati Mayeso. Pobwerera amayi anandiuza kuti ndi dzina limene anakonzera uja wa mu Epulo.

Ku ofesi ya bwanamkubwa ndinkaopa kuti Febe anjenjemera, paja ukumudziwa, munthu woti ngakhale kugula mchere amatuma wina. Bambo wa pa tebulo anamuuza kuti akweze dzanja.

"Mayi, mwanayu ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Munabereka nokha?"

"Ndekha, pa 11 Julayi, masana."

Sanaphethire. Kenako ine ndinasayina pa mzere wa mboni.

Akuti mapasipoti akuchedwa masiku ano. Masabata awiri aja atha kale. Uzikonzeratu zomuuza.

Evelyn

Johannesburg
9 Novembala 2008

Alamu a Evelyn,

Moni. Akundilembera kalatayi ndi a Estere a ku Dedza, amene timagwira limodzi ntchito mu saluni. Ndafuna kuti ikhale ya Chichewa kuti muwawerengere apongozi anga ndi Febe. Ndikukhulupirira kuti nonse muli bwino.

Munati masabata awiri kapena atatu. Adutsa khumi. Ndikafunsa Eliya akuti ndi maofesi. Ndikati ndibwere ndekha akuti ndidikire, tingaphonyane panjira. Ndikati tiimbe foni ndimve kulira kwake, akuti a Hilario sakonda. Ndiye ndalembera inu, chifukwa munandisunga bwino ndipo mumanena zinthu mosazungulira. Kodi chavuta n'chiyani? Ngati akufuna chala changa kapena pasipoti yanga, ndiuzeni.

Mkaka ndinkaufinya tsiku ndi tsiku kuti usaume, kuti akafika apeze ulipo. Unauma mwezi watha.

Ndatumiza tizovala ndi tinsapato. Ndagula tokulirapo chifukwa sindikudziwa msinkhu wake. Kodi wayamba kuseka? Jakisoni wachiwiri analandira? Muzimuitana dzina lake kawirikawiri kuti alizolowere.

Mumuthokoze Febe. Sindikudziwa kuti ndidzamubwezera chiyani.

Mlamu wanu,
Shamiso

Nsaru
19 Januwale 2009

Eliya,

Moni. Kalata ya mkazi wako ya mu Novembala sindinaiyankhe. Yankho ndaliyamba katatu. Sindinawawerengerenso amayi, koma tizovala ndinapereka.

Monga ndinakuuzira pa foni, mapasipoti onse awiri anatuluka pa 12 Disembala. Febe anawakulunga m'pepala la pulasitiki n'kuwaika m'sutikesi mwake. Ndinati ndisunge ndine, anati, "Ndi anga, achemwali, muli dzina langa."

Sabata yoyamba anati akufuna athire kaye feteleza. Yachiwiri mwana anali ndi chifuwa. Yachitatu anamva pa wailesi kuti ku Zimbabwe, kumene basi imadutsa, kuli kolera. Chifukwa chimenechi n'choona, ndipo Febe anachilandira ngati mphatso.

Pa Khirisimasi mwanayo anakamubatiza. Ine ndinadziwira m'tchalitchi momwemo, abusa akuitana mayina. Mayeso Kalinde. Amayi anali pa benchi yakutsogolo atavala zoyera za Chigwirizano. Usaganize kuti anthu sakudziwa. Mudzi wonse unamuona Shamiso ndi mimba, ndipo mudzi wonse ukumutcha Febe amake Mayeso.

Tikiti ya basi ndinagula ya Lachitatu pa 14. Ndinalawirira kukawatenga. Pakhomo pa Febe panali loko, nkhuku zake kulibe, mtondo kulibe. Amayi ndinawapeza kumunda akubandira.

"Febe ali kuti?"

"Wapita kwa amuna ake ku Kabudula."

"Kukacheza?"

"Chitengwa. A Austin anapempha, ine ndinalola."

"Zaka zinayi a Austin ali pachikamwini pano, munkati mwana wanu wamkazi sadzachoka pamudzi inu muli moyo."

"Ndasintha maganizo. N'zoletsedwa?"

"Amayi, mwanayo ali ndi mayi wake."

Anaimika khasu. "Ali naye, inde. Ukufuna abwererenso m'chisoni mtsikana uja? Unamuona mmene analili mu Epulo? Pano akudya, akuseka. Wa ku Zimbabweyo ndi wamphamvu, adzabereka ena." Atatero anapitiriza kubandira.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati amayi anadziwa zimene ankachita tsiku lija anatenga buku. Ndikuganiza kuti sanadziwe. Anadziwa pambuyo pake, ndipo zinawakomera.

Unati iwe umaganiza za anthu. Ganiza tsopano za mmodzi amene ukugona naye nyumba imodzi. Umuuze. Ukapanda kutero ndimulembera ndine.

Evelyn

Kabudula
8 Febuluwale 2009

Achimwene a Eliya,

Moni. Kuno tili bwino, Mayeso ali bwino, wayamba kukhala pansi yekha. Kaya inu ndi alamu.

Mawu amene munatumiza kudzera kwa a Hilario ndamva, akuti ndine wakuba. Ine sindinabe. Buku anapereka ndi amayi. Zoti ndizinena kuti ndi wanga munandiuza ndinu. Ndinanena kwa bwanamkubwa dzanja lili m'mwamba. Ndinanena ku ofesi ya mapasipoti. Ndinanena pamaso pa abusa ndi mpingo wonse. Lero mukufuna ndikanene kuti ndinanama. Ndikayambire kuti?

Alamu anamuyamwitsa masabata asanu ndi limodzi. Ine ndamuyamwitsa miyezi isanu. Atadwala malungo mu Novembala ndinakhala naye kuchipatala masiku anayi, ndipo palibe amene anandifunsa ngati ndine mayi wake. Ankangoona.

Inu simukudziwa chifukwa ndinu mwamuna ndipo munali kutali. Kupita padera kwa mu Epulo kunali kachiwiri. Onse awiri anakawaika azimayi kudambo, ine sanandilole kupita, nkhope zawo sindinazione. Ndinatsala ndi matewera. Uyu ndamuona nkhope. Mukuti ndikwere naye basi masiku awiri, ndikamutsitse kumsana, ndibwerere ndi chitenje chokha. Zimenezo sindingathe.

Ku Joni amaotcha nyumba za anthu. Kuno ali ndi munda, ali ndi agogo ake. Akadzakula ndidzamuuza kuti ali ndi atsibweni ku Joni, adzabwera kudzakuonani, pasipoti ali nayo.

Alamu muwauze kuti sindikudana nawo. Tizovala tija tikumukwana tsopano.

Ndine mlongo wanu,
Febe Kalinde

Johannesburg
2 Malichi 2009

A Evelyn,

Eliya wandiuza zonse, ndipo a Estere andiwerengera kalata ya Febe. Ndachoka kwa mlongo wanu, ndikukhala kwa a Estere. Mukamayankha mulembe adiresi ili kuseriyi.

Pa depoti paja munandigwira dzanja, mukudziwa. Sindikupempha kuti mundipepese, sizingandithandize. Mupite kwa oweruza mukanene zimene mukudziwa, zimene munkafuna kuchita poyamba paja mlongo wanu asanakuletseni. Ndikukonzekera kubwera. Ndiuzeni zoona ulendo uno: ndikafika ndidzapeza chiyani?

Shamiso, mayi wa Tinashe

Nsaru
20 Epulo 2009

Alamu,

Kalata yanu ndinalandira. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndikhale ndi zoti ndinene, osati malonjezo.

Ndinayamba ndawauza amayi kuti ndikupita kukaulula. Anati, "Pita ukandimangitse, ndakalamba kale, kundende kulinso ufa." Kuyambira tsiku limenelo sandiyankha moni.

Ndinalemba zonse pa mapepala atatu, kuyambira tsiku limene munafika, n'kupita nazo ku Lilongwe kwa loya wina, a Duncan, amene amathandiza anthu opanda ndalama. Anawerenga mpaka kumapeto osandidula. Kenako anayamba kufunsa.

"Mayi, pobadwa mwanayu munalipo?"

"Ayi, ndinali kumaliro."

"Analipo ndani?"

"Amayi anga ndi Febe."

"Ndi anamwino."

"Anamwino analemba Febe."

Anatenga chithunzi cha fomu ya pasipoti chimene ndinasunga, n'kuchiika pambali pa mapepala anga.

"Zolemba izi ndi za munthu mmodzi?"

"Eya, ndi zanga."

"Nanga siginecha iyi ya mboni?"

"Yanganso."

"Ndiye woweruza akhulupirire a Evelyn ati, a mu Seputembala kapena a mu Epulo?"

Sananene monyoza. Ankafunadi kudziwa.

Anati ndipeze mboni zina. Ndinayenda makomo a azimayi asanu ndi anayi amene ankatunga nanu madzi pa mjigo. Awiri anavomera, m'mawa mwake anatumiza mawu akuti amuna awo akana. Ena onse akuti sanaonetsetse. Mayi wina amene anakugwirani mimba ndi manja ake n'kulosera kuti ndi mwamuna, akuti akukumbukira kuti kunabwera mlendo wamtali, koma zoti anali woyembekezera sangalumbire. Ambiri a iwo ndi a mbumba yathu, ndipo onse adzafuna amayi pa maliro awo.

Chatsala ndi kuyeza magazi. A Duncan akuti magaziwo amatumizidwa kunja, ndipo kuti mwana atengedwe magazi pafunika chilolezo cha makolo ake kapena lamulo la khoti. Makolo ake, pa mapepala onse amene alipo, ndi Febe ndi Austin. Ndiye ndi khoti. Akuti zikhoza kutenga chaka kapena ziwiri, ndipo muyenera kumapezeka nokha. Inu amakupatsani masiku makumi asanu ndi anayi pa ulendo umodzi. Ukwati wanu ndi Eliya sunalembedwe paliponse, choncho sungakuwonjezereni tsiku ngakhale limodzi. Eliya ndamulembera kuti abwere adzaime nanu. Wayankha kuti sangasumire amayi ake.

A Duncan sananene kuti n'zosatheka. Mapepala anga ndawasiya kumeneko nditasayina, ndipo andiuza kuti mlandu ukayamba, woyamba kufunsidwa za bodza ndidzakhala ine. Ndavomera.

Munandifunsa kuti mudzapeza chiyani. Mudzandipeza ine pa depoti, ndipo mudzagona kwanga, osati kwa amayi. Koma musagule tikiti ya anthu awiri yobwerera. Ulendo uno simubwerera naye.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Kabudula. Febe anandilandira, anandiyalira mphasa, koma mwana sanamutsitse kumsana mpaka a Austin atabwera kudzakhala pakhomo. Ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Akukwawa, ali ndi mano awiri, ndi wonenepa ndiponso waukhondo. Sindikunamizani kuti akuzunzika. Nditamunyamula analira, n'kutambasulira manja kwa Febe.

Pa nthawi yochepa imene anali pamiyendo panga ndinamuyang'anitsitsa. Kwa Kachiwanda kulibe munthu wa makutu otero, kwa Kalinde kulibenso. Ang'onoang'ono, omatirira kumutu, lakumanzere lopindika pang'ono pamwamba. Ndi anu. Nditafika kunyumba ndinatulutsa zithunzi za mafomu onse amene ndinalemba, n'kuwawerenga mzere ndi mzere. Palibe pamene amafunsa za makutu.

Mlamu wanu,
Evelyn